Dinah ndi Chibangili Chachikasu

Woyimba uja atamaliza nyimbo, asanayambe ina, panagwa kabata kakang'ono, ndipo m'kabata komweko Dinah anamva kulira. Kunali kulira kwa mayi mmodzi, kotalika, kochokera kutsidya kwa msewu wa tala, mbali imene kunali nyumba za a Harawa. Kenaka ng'oma zinabukanso m'masipika, anthu n'kukuwa, kulira kuja n'kumira.

Dinah anangoima, supuni yovuulira tchipisi ili m'manja, mafuta akuwira m'chiwaya. Anacheuka kuyang'ana kuseli kwa benchi kumene mwana wake Luntha, wa zaka zitatu, anagona pa katoni atafunda chitenje.

"Mwamva, a Laws?"

A Laws, bambo wootcha kanyenya pambali pake, sanadzutse n'komwe mutu. "Ndamva njala ya anthu a m'tauni, amake Luntha. Vuulani izo zisanapserere."

Koma Dinah anali atamva. Apongozi ake aamuna anali chigonere kuyambira nthawi yokolola.

Dinah si wa kuno ku Rumphi. Anabadwira ku Dedza, kumapiri kumene mbatata ya kachewere imachita kutayika, ndipo tchipisi anaphunzira kukazinga ali kamtsikana, pa chiwaya cha amalume ake. Sukulu inathera mu Fomu Thuu, fizi itasowa. Kumsika komweko ndi kumene anadziwana ndi Hezron Harawa, amene ankakweza matumba a mbatata pa lole yopita ku Karonga. Anali mnyamata woseketsa, wolankhula Chichewa chokwera ndi kutsika ngati nyimbo. Abale ake atabwera ndi malowolo, amalume anamuitanira Dinah pambali.

"Iwe, kwathu kuno mwana ndi wa mayi. Kumpotoko akapereka izi, ana ndi awo. Ukumva?"

Anati wamva. Panthawiyo analibe mwana, ndiye mawuwo sanapeze pokhala.

Anabwera kudzakhala ku Chitimba, m'munsi mwa phiri la Khondowe, m'kanyumba ka kuseli kwa nyumba ya apongozi. Anaphunzira kunena yewo, kugwada patali, kudya kondowole osakwinya nkhope. Luntha atayamba kukwawa, Hezron anapita ku Joni kukafuna ntchito. Miyezi yoyamba ankaimba. Kenaka ankangotumiza uthenga. Kenaka nambala ija inasiya kupezeka, ndipo palibe anabwera kudzanena kuti wafa kapena wakwatira kwina.

Amene anamugwira Dinah kuti asagwe anali apongozi aja, a Manase Harawa, mphunzitsi wopuma wa sukulu ya mishoni, mkulu wa mpingo. Mwa mwambo sankacheza naye, ngakhale kuyang'anana m'maso, koma ankatuma Luntha ndi kashuga m'pepala kuti akapatse amake. Mwana wawo wamkulu, a Isabella, anali namwino ku Mzuzu, mayi waukhondo, wolankhula mosazungulira. Tsiku lina atabwera kudzaona bambo awo odwalawo anamunyamula Luntha, n'kumukanikiza patsaya ndi chala, n'kumuyang'ana tsitsi.

"Tsitsi ili likufiira. Mwanayu sakudya mokwanira. Adada, ndimutenge. Ndi mwana wa Harawa, ine ndine nkhazi wake, mlongo wa bambo ake. Akadya bwino, akayamba sukulu ya mkombaphala."

Dinah anali pa mtondo, akumva zonse. Munsi unamulemera m'manja.

A Manase anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati, "Musiyeni ndi amake. Tikadzaona kuti alepheradi kumudyetsa, tidzakambanso."

Kuyambira tsikulo Dinah sanagonenso tulo tathunthu. Galimoto ikangoima pamsewu pafupi ndi nyumba, mtima unkagunda mpaka aone amene watsika. Posambitsa mwana ankazunguliza chala chachikulu ndi chamkombaphala pa mkono wake, kuyesa ngati wanenepako. Ankachita ganyu yoyanika usipa pa mathandala a anthu, kusenza madzi a omanga nyumba, ndipo chiwaya chimene anabwera nacho kuchokera ku Dedza chinkangokhala pansi pa bedi, posowa mpamba.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a m'tauni, n'kutchinga bwalo lalikulu ndi mpanda wa waya, akuti kuchitika chikondwerero cha oyimba, Lachisanu ndi Loweruka. Analengeza kuti a geni a m'deralo akalembetse. Malamulo anawerenga mtsikana wina wovala kapusi, wa mafoni awiri. M'kati mwa mpanda ndalama siyenda. Obwera kudzasangalala azigula makuponi pageti, a geni azilandira makuponi okhawo. Lamulungu, isanakwane thwelofu masana, aliyense akasinthe makuponi ake pa tenti, eni chikondwerero n'kutapapo gawo lawo. Ndipo wa geni aliyense anamumanga chibangili cha pulasitiki chachikasu, chosavuka popanda kuchidula.

"Chibangili ichi ndiye chiphaso chanu," anatero mtsikanayo. "Chikaduka, sitikudziwani."

"Nanga munthu atadwala, achemwali?" anafunsa a Laws.

"Lamulo ndi lamulo, bambo."

"Ife makuponi timadziwa a feteleza," anatero a Laws potembenukira anzawo, "ndipo nawonso anatiliza."

Anthu anaseka. Dinah sanaseke, ankasunga mawu onse m'mutu. Anaona kuti mwayi wake ndi womwewu. Akagulitsa bwino apeza mpamba wokhazikitsa benchi yake pasiteji ya maminibasi, Luntha azidya dzira ndi phala la mkaka, ndipo a Isabella adzasowa chonena. Anagulitsa nkhuku zake zonse. Anagulitsanso chimanga chimene anasunga kuti chiwafikitse mvula. Analipira malo, n'kugula mbatata pa lole, mafuta, nkhuni ndi kabichi.

Ndipo malonda anayenda kuposa mmene ankaganizira. Anthu ankafola pa benchi yake, akuti tchipisi za mayi wa ku Dedza n'zouma bwino. Timapepala ta pinki tija ankatilonga m'jumbo ya shuga, n'kuimangirira m'chiuno m'kati mwa chitenje, ndipo pofika Loweruka madzulo inali itatupa ngati kapilo. A Laws ankalandirako ndalama mobisa, n'kumaiponya m'kachitini pansi pa mbaula.

"Landiraniko yeniyeni, amake Luntha. Pepala la pinki mugula nalo chiyani ku shopu ya Mchina?"

Koma Dinah anali ataona alonda akutulutsa mayi wina wa mandasi amene anamugwira akulandira ndalama, beseni lake akuliponya kunja kwa waya. Anachita mantha, n'kumvera lamulo mpaka kumapeto. Ngakhale ogula ankadandaula. Bambo wina wa mimba yaikulu anabwera ndi makuponi odzaza dzanja, akutukwana kuti pageti akana kumubwezera ndalama ya otsala.

"Ndiye ndipite nawo ku Lilongwe akandithandize chiyani? Mayi, thirani mbale zonse izi. Adye amene akufuna."

Dinah anathira, akuthokoza Mulungu chamumtima.

Ndi usiku womwewo pamene anamva kulira kuja. Sipanapite nthawi, a Dora, mayi woyandikana nawo nyumba, anafika pa waya n'kuyamba kumukodola.

"Amake Luntha! Fulumirani, mama. Adada atisiya."

Dinah anaphula chiwaya, n'kubereka mwana ali m'tulo. A Laws anavula chipewa. "Pitani, katunduyu ndisunga. Koma mawa musachedwe pa tenti."

Pa siwa amayi anali atadzaza kale m'nyumba, abambo atazungulira moto panja. Nyimbo za mpingo zinkayamba bwinobwino, koma masipika a kutsidya ankazipondereza, mpaka mazenera kunjenjemera. Dinah analira ndi mtima wonse, ndipo anthu anati mkamwana uyu ankawakondadi apongozi ake. Zinali zoona. Koma ankaliranso chifukwa munthu yekhayo amene anati musiyeni ndi amake anali atagona pamphasa, atamangidwa nsalu kuchibwano.

Mkamwana pa maliro sakhala pansi. Madzi ndi ake, nkhuni ndi zake, moto ndi wake, ndipo sachoka pakhomo mpaka thupi litalowa m'manda. Dinah anali mkamwana yekhayo pa banjapo. Kutacha, a Isabella anafika pa galimoto, maso atatupa. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anayamba kufika atavala zoyera. Anagwirizana kuti maliro aikidwa Lolemba, poyembekeza abale akutali.

Pamene Dinah ankazungulira ndi jagi kusambitsa anthu m'manja, chibangili chija chinkawala ngati nthochi yakupsa. Anachikulunga ndi kansalu, kansalu kananyowa n'kutsetsereka. Anamva manong'onong'o kumsana kwake. Mayi wina wachikulire wa Umanyano sananong'one n'komwe.

"Mkamwana wa mkulu wa mpingo, chizindikiro cha kumowa pamkono, apongozi ali gone m'nyumba? Kwawoko amatero?"

A Isabella anamuitanira kuseli kwa khitchini, kumene amayi ankadula kabichi.

"Mlamu, vulani icho."

Dinah anagwada. "Sichivuka, alamu. Ndikachidula sandipatsa ndalama yanga. Chingokhalako mpaka masana ano basi."

"Masana ano kukubwera abusa ndi mpingo wonse wa ku Khondowe. Mukufuna anthu azikamba za mkono wanu m'malo mokamba za adada?"

"Anatiuza kuti chikaduka satidziwa."

"Amangoopseza. Ndi anthu amenewo, nawonso amafedwa. Maliro akatha mukawauza, adzamva." Sanalankhule mwankhanza. Ankakhulupiriradi zimene ankanenazo, chifukwa kuntchito kwawo munthu akafedwa amamumvera. Anatola mpeni pa lichero la kabichi, n'kugwira mkono wa Dinah mosamala ngati wa wodwala. Pulasitiki inangoti thu.

Dinah anatola chibangilicho m'dothi, n'kuchilowetsa m'jumbo ya makuponi. Anabwerera ku moto. Dzuwa linkakwera, iye akuyang'ana mthunzi wa mtengo wa mango ukufupika. Anali atawerenga kuseli kwa kuponi, Chingelezi chakecho ankachimva, ndipo ankadziwa kuti thwelofu ikakwana za maliro sadzazimva. M'jumbomo munali nkhuku zake, chimanga chake, ndi Luntha.

Anasiya mwana kwa a Dora, n'kusenza ndowa ngati wopita ku mjigo. Atafika pa mjigo sanaime. Anadumpha masamba amene anthu anayala pamsewu posonyeza maliro, n'kuwoloka tala akuthamanga.

Pabwalo anali akugwetsa kale nsanja ya oyimba. Pa tenti panali mzere wa a geni, ndipo aliyense akalandira ndalama yake, mlonda ankamudula chibangili ndi sizasi n'kuchiponya m'katoni. Dinah atafika kutsogolo, mtsikana wa mafoni awiri uja sanamuyang'ane kumaso.

"Dzanja."

Dinah anaika jumbo patebulo, n'kutulutsa chibangili, n'kuchigoneka pamkono pake ngati kuti chingalumikizikenso.

"Chodula sitilandira, mayi."

"Ndafedwa, achemwali. Apongozi anga. Masamba awo mukuwaona pamsewupo ndi athu. Andidula pa siwa."

"Pepani chomene ndi maliro. Koma anthu amaba makuponi a anzawo, n'kutola chibangili pansi, n'kubwera ndi nkhani. Lamuloli likuteteza inu nomwe."

A Laws, amene anali atalandira kale zawo, anadzipanikiza kufika kutsogolo. "Iwe mwana, mayi uyu wakazinga pambali panga masiku onsewa. Iwenso unadya tchipisi zake dzulo, unapempha tsabola wowonjezera. Ndikunama?"

"Sindikukana, bambo."

"Basi makuponiwo alowe m'dzina langa."

"Inu takudulani kale. Chibangili chimodzi, kamodzi."

Dinah analoza katoni ija, yodzaza zibangili zachikasu zoduka. "Nanga izo si zodula? Changa chikusiyana pati ndi izo?"

Mtsikanayo anamuyang'ana tsopano, ndipo maso ake anali otopa, ofiira. "Izo tadula ndife."

Anatsitsa mawu n'kunena kuti akamupatsa, ndalamayo adzaidula pa malipiro ake, ndipo nayenso ndi waganyu chabe. Abwana ake anali atanyamuka m'mamawa. Mtsikanayo analoza nambala ya foni imene inali pa nsalu ya pageti. Dinah anaima pambali, akudikira kuti mwina mzere ukatha mtima wa munthu ufewa. Mzere unatha. Mlonda anatseka bokosi lachitsulo, n'kulikweza m'galimoto.

Dinah anazindikira atalowa kale pakhomo la siwa kuti ndowa ili pamutu ilibe madzi. Abusa anali atafika. Amayi a kukhitchini anasiya kudula ndiwo, onse maso pa ndowa imene inkagwedera mopepuka. Wina anali atamuona akuwoloka msewu. A Isabella anali pa mkeka, Luntha ali pamiyendo pawo, akumudyetsa buledi woviika mu tiyi wa mkaka, ndipo mwanayo ankameza mwaphuma, osatafuna.

Maliro anaikidwa, alendo anabalalika. Abale atakhala pansi kukamba za pakhomo, amene anatsogolera anali a Joel, mng'ono wa malemu. Anakamba za munda, za nyumba, za amayi amasiye. Pomaliza anafika pa mwana. Anati mkamwana alibe chimanga, alibe chiweto, mwamuna wake sakudziwika kumene ali, ndipo anasiya thupi la apongozi m'nyumba n'kupita kubwalo la dansi.

Dinah anayenda chogwada mpaka pakati, n'kumasula jumbo ija. Anafotokoza zonse m'Chichewa chake, Chitumbuka chitamuthawa. Makuponi anayenda dzanja ndi dzanja. A Joel anavala magalasi, n'kuwerenga kuseli kwa imodzi.

"Mwagwira ntchito, mama, sitikukana. Koma apa alemba kuti tsiku lija litadutsa, awa ndi mapepala chabe. Mwana adya mapepala?"

A Isabella anayang'ana pansi. "Chibangili ndinadula ndine," anatero. "Sindinadziwe kuti angaume mtima chotero. Pepani, mlamu." Anapukuta maso. "Koma mvula ili kutali, ndipo m'nyumba mwanu mulibe ufa. Ndinyamuka naye mawa. Muzidzabwera kudzamuona."

Nkhani inatha.

Dinah anabwereka foni ya a Dora n'kuimba nambala ija. Koyamba inaitana osayankhidwa. Kachiwiri anayankha bambo wina amene anamvetsera mpaka pakati, n'kunena kuti malamulo anawerengedwa poyera, aliyense anavomera. Kachitatu inali yotseka.

Masana a tsikulo a Laws anabweretsa chiwaya pa njinga, atachitsuka ndi mchenga mpaka kuwala. Anapeza Luntha atakhala pakhonde, atayala makuponi aja pansi, akugulitsa timiyala m'chivindikiro cha botolo.

"Gulani tchipisi, amama. Perekani pepala."

Dinah anapereka pepala, n'kulandira timiyala.

A Laws anakhala pa chitsa, n'kulankhula motsitsa mawu. "Chiwayachi ndigulitseni ine. Ndalama yake ikukwanani basi ya ku Dedza. Mubereke mwana, mukadikire ku siteji ya kutsogoloko, osati ya pano. Kwanu mwana ndi wa mayi, si choncho?"

Dinah anayang'ana msewu. Anaziona zonse bwinobwino, mmene amaonera zinthu munthu wozolowera mantha. Anaona a Joel akufika ku Dedza ndi anthu awo kudzafuna mwana kapena malowolo, pamene malowolowo anasanduka malata a nyumba ya amayi ake kalekale. Anaona amalume akumukumbutsa kuti anamuchenjeza. Anaona mwana akulandidwa pamaso pa mudzi wonse, ndipo ulendo umenewo sipadzakhalanso mawu akuti muzidzabwera kudzamuona. Ndipo anaonanso, ngakhale sanafune, mmene Luntha ankamezera buledi uja.

Anazunguliza zala zake pa mkono wa mwanayo. Zinakumana, n'kutsalako malo.

"Chiwaya tengani, a Laws," anatero. "Koma ku Dedza sindipita."

"Nanga?"

"Ndigula sopo ndi chitenje chabwino, ndisakachititse manyazi kunyumba ya anthu."

A Laws anamuyang'ana, osamvetsa. Dinah anali ataima kale, akukonza mpango kumutu. Anali atatsimikiza mtima kuti akagwada pamaso pa a Isabella n'kuwapempha kuti amutenge nayenso. Azikachapa, azikakolopa, azikaphika, malipiro ayi. Alendo akabwera, anene kuti ndi wantchito ngati akufuna, iye sadzatsutsa. Chimodzi chokha adzapempha, kuti pamene azikagona Luntha, mphasa yake izikakhala pomwepo.

Anabereka mwana, makuponi aja n'kuwasiya pakhonde mphepo ikuwatembenuza, ndipo anayamba kuyenda kupita ku nyumba yaikulu.